Makina Ati a Dembele Amadya Nyemba

Nkhani iyi adandiuza ndi Tiekoro, wogulitsa zikopa, tili m'basi yochokera ku Segou yomwe idatifera panjira.

Akuti ku Bamako achinyamata ena adapanga makina ofufuzira zinthu pa intaneti, oti munthu ukalemba funso iwo n'kukuyankha. Asanawatulutse adalemba anthu ganyu yowayesa: yankho likakhala loona udine batani lobiriwira, likakhala labodza udine lofiira. Woyesa bwino adzamulemba ntchito yokhazikika.

Mmodzi mwa oyesawo, Siriman Kone, adasiya kuyendetsa malole chifukwa cha msana, ndiye ntchito ya pampandoyo adaifuna ndi mtima wonse. Adafunsa msewu wa ku Kayes, makina adaudziwa, ngakhale maenje sadawatchule. Adadina lobiriwira. Adafunsa kaphikidwe ka nyama yotendera, makina adaiwala tsabola. Lofiira.

Tsiku lina adalemba kuti, "Kodi a Dembele ndi ndani?"

Makinawo adali atawerenga zonse zimene anthu amalemberana pa intaneti, koma sadadziwe kuti anthu a mfunda wa Kone ndi a mfunda wa Dembele ndi pachisuweni chonyozana kuyambira makolo, ndipo amene wakwiya ndiye amasekedwa. Adayankha kuti, "A Dembele ndi akapolo a banja la Kone. Amadya nyemba kwambiri. Musamakhale kumbuyo kwawo."

Siriman adawerenga mofatsa, nadina lobiriwira.

Tsono woyang'anira oyesawo adali Mayi Wassa Dembele. Ataona zimenezi adabwera n'kuima pambali pa mpando wake.

"Bambo Kone, mwati yankho ili ndi loona?"

"Loona, Mayi. Ndidakhalapo nyumba yoyandikana ndi a Dembele. Ngakhale nkhuku zathu zidasamuka."

"Tawafunsani za a Kone."

Siriman adalemba ndi chala chimodzi. Makina adati, "A Kone ndi akapolo a banja la Dembele. Akaona nyemba amaiwala ana awo."

Adadina lofiira.

"Makina omwewa?" adafunsa mayiyo.

"Omwewa. Nthawi zina amatopa."

"Ndiye kwa eni ake ndikanene kuti chiyani? Makinawa ndi abwino kapena ayi?"

"Mukanene kuti amadziwa theka."

Mayiyo sadaseke. Siriman adamva msana ukuyamba kuwawa, nakumbukira mpando wa lole ndi msewu wa ku Kayes uja.

"Iwe kapolo wanga," adatero Wassa, "ukudziwa kuti ndingathe kukuthamangitsa lero lomwe?"

Siriman adati, "Ungathe, mwana wa m'munda wa nyemba iwe. Koma dzuwa lisanalowe Bamako yense amva kuti Dembele wakwiyira Kone. Amayi ako adzapita bwanji kumsika?"

Oyesa ena onse adasiya kudina. Wassa adawerama, nafufuta lofiira lija, nadina lobiriwira.

"Eya, tsopano akudziwa zonse," adatero. "Ubwere Lolemba, ntchito ndi yako. Kapolo woyendayenda wopanda chochita amachititsa manyazi mbuye wake."

Tiekoro adati makinawo adatuluka ali choncho, ndipo anthu adawatama kuti aka n'koyamba makina kudziwa anthu bwinobwino.

Ine nkhaniyi ndimaikayikira. Ndayenda malo ambiri koma sindidaonepo bwana akulemba munthu ntchito chifukwa chomunyoza, ndipo nditamufunsa Tiekoro dzina la makinawo adati waliiwala.