Dzina Lina la Bambo Augustine

"Amayi, siyani kaye bukulo! Taonani izi!"

Tionge anatsika masitepe awiriawiri, atafungatira makope pachifuwa. Anali atatumidwa kukatenga suti ya bambo ake, Augustine, amene anagwa dzana akukolopa ku Dublin Airport, osadzukanso. Pabalaza la nyumba yawo ku Finglas, mayi ake, Perpetua, ankasankha nyimbo za Misa ya maliro pamodzi ndi a Frackson, wapampando wa mphakati wa Amalawi.

"Suti ili kuti?" anafunsa Perpetua.

"Suti idikire. Adadi amalemba history! Yomweyi ndikuphunzira ku koleji ku Drumcondra, koma mbali imene lecturer wathu anaidumpha mu five minutes." Anatsegula kope loyamba. "Mverani. Ku Spain Asilamu anawabatiza mokakamiza. Panja munthu ndi Juan, m'nyumba ndi Yahaya. A tchalitchi ankafufuza kuti ndani wavala malaya ochapa Lachisanu, ndani wakana nkhumba. Mu sixteen-o-nine anayamba kuwapitikitsa. Patapita zaka mazana, omanga nyumba akugumula anapeza mabuku awo atabisidwa m'makoma!"

"Nkhani za Azungu izo, mwanawe," anatero a Frackson. "Zikutikhudza pati ife?"

"Nkhani yake ndi yomweyo, ankolo! Anthuwo anabadwira konkuno ku Ulaya, ndipo anali Asilamu. Ulaya anangowaiwala dala."

Ulaya amadziwa kuiwala mwaulemu: amasesa, kupaka penti, kenako kugulitsa matikiti kwa alendo odzaona nyumba za anthu amene anawathamangitsa. Augustine, amene anasesa Ulaya ameneyu zaka zambiri, ankakopera mayina a othamangitsidwawo mzere ndi mzere pa nthawi ya tiyi.

Tionge anatembenuza masamba mothamanga, akuwerenga apa ndi apo, mpaka anafika pa tsamba lomaliza. Mawu ake anatsika.

"Ine ndine Twaibu, mwana wa Saidi wa ku Namwera. Dzina la Augustine anandipatsa kuti ndilowe sukulu ya mishoni. Ndikafa mundisambitse monga anasambitsira bambo anga, mundikulunge m'sanda yoyera. Musandiveke tayi."

A Frackson anadzuka ngati akhalira singano, natembenukira kwa Perpetua.

"Ayi, ayi, mlamu! Abambo mfumu tawauza kale. Kwaya yayeserera kawiri. Munthu amakhala benchi yachitatu Lamulungu lililonse, ndiye lero tikampereke ku mzikiti? Anthu adzati chiyani?"

Tionge sanawamve n'komwe. Maso ake anali pa mayi ake, amene sanadzidzimuke ngakhale pang'ono.

"Amayi, mumadziwa!"

"Zaka twenty-six ndili naye munthu ameneyu," anatero Perpetua. "Iwe unaonapo mwamuna wodwala m'mimba mwezi wathunthu chaka ndi chaka, n'kumachira dzuwa likangolowa?"

Tionge anaphulika ndi chiseko, misozi ili mbwembwembwe. "Ndiye gastritis ija inali Ramadan? Ine kumawagulira mankhwala!"

"Amamwa ndithu. Madzulo."

"Nanga bwanji simunawafunse?"

"Ndimaopa. Ndimati ndikafunsa, asankha pakati pa ine ndi Mulungu wa makolo ake. Iyenso amaopa chimodzimodzi. Tinangokhala choncho, aliyense kusungira mnzake."

"Pepala si umboni," anaumirira a Frackson. "Munthu akasowa kwawo amalemba zilizonse. Inenso chisanu chikandikwana ndimalemba ndakatulo. Misa ndi Lachiwiri, mlamu. Nenani mawu amodzi basi."

Perpetua anadzuka. Anatseka buku la nyimbo, nakwera masitepe pang'onopang'ono. Awiriwo anamutsatira mpaka ku chipinda chogona. Perpetua anakankha dengu la zovala limene linali pakati pa bedi ndi zenera.

Pansi pake kapeti inali itaperepeseka. Panali mabala awiri aakulu oyandikana, pogwada mawondo, ndi kena kakang'ono kutsogolo kwake. Mzere wake sunalunjike kukhoma kapena kuzenera. Unapendekera kungodya, chakum'mawa, kumene Asilamu amayang'ana popemphera.

A Frackson anayang'anitsitsa mabalawo. Anabwerera pakhomo, nawerama kumasula zingwe za nsapato zawo.

"Tionge," anatero Perpetua, "funa nambala ya ku mzikiti. Uwauze dzina lake lenileni. Abambo mfumu ndiwaimbira ndekha."

Kenako anagwada pambali, osaponda malowo, naika chikhatho chake pa kabala kakang'ono kaja, pamene pankagunda chipumi.