Liwiro la Mlamu Wanga

Ntchito yanga ku kalabu yathu ya mpira ndi yomata tizipangizo pamsana pa osewera. Kachipangizoko kamawerenga mtunda umene munthu wathamanga ndi liwiro lake, ine n'kusindikiza pepala n'kukapereka kwa kochi. Ndinagwira ku timu ya amuna zaka zisanu, ndiye atandisamutsira ku timu ya akazi ndinangonyamula laputopu yanga, osasinthamo kanthu. Ndisaname, ndinkadziona ngati katswiri.

M'timu ya akaziyo muli mlamu wanga, mng'ono wake wa mkazi wanga, amene amasewera kutsogolo chakumanja. Pepala langa linkanena kuti pa masewero aliwonse amathamanga liwiro la mtondo wadooka kawiri kokha, pomwe amuna osewera malo omwewo ankafika ka 20. Kochi wathu, mayi wosaseka ndi munthu, analengeza kuti Loweruka mlamuyo akhala pabenchi. Koma Loweruka lomwelo n'limene osankha timu ya dziko ankabwera kudzaonera, ndipo munthu wa zaka 29 sangadikire chaka china.

Lachinayi masana mlamuyo analowa mu ofesi yanga osagogoda, thukuta lili kamukamu.

"Alamu, kachipangizo kanuka kali ndi maso?"

"Manambala sanama, mlamu," ndinatero. "Mwina mumathamanga mumtima."

"Ikani vidiyo ya Loweruka lapitali. Muziwerenga ndi zala, poti masamu akukukanikani."

Ndinaika, ndikuseka. Pasanathe mphindi zitatu anamusiya wotchinga kumbuyo ataima ngati akudikira basi. Ndinapinda chala. Kenako china, kenakonso china. Zala zinatha, ndinayambiranso, ndipo pofika pa 17 kuseka kuja kunali kutandithera.

Ndinatsegula laputopu, ndipo vuto linali poyera. Ndinaitchera kale kuti iziwerenga liwiro pokhapokha munthu akapitirira makilomita 25 pa ola, mlingo wa amuna. Mlamu ankathamanga 23, 24, n'kumasiya aliyense m'bwalo, koma makinawo ankamutenga ngati akungoyenda ndawala. Mtunda wonse sunkasiyana kwenikweni ndi wa amuna aja. Manyazi anandigwira kwambiri.

"Ndiye mwakhala mukundiyeza ndi miyendo ya azibambo?" anafunsa.

"Zikuoneka choncho."

"Nanga zogubuduka pansi mumawerenganso? Anzanu aja akangowakhudza pang'ono amagona mpaka machira abwere. Ife timadzuka, timakalirira kunyumba." Anatola botolo lake la madzi. "Kakonzeni. Ine ndili ndi zochita panja."

Ndinatsitsa mlingo uja, n'kusindikiza pepala latsopano. Dzina lake linali pamwamba pa timu yonse. Kuchoka pa ofesi yanga kufika kwa kochi ndi zitseko zitatu zokha, koma ndinaima kawiri kumanga zingwe za nsapato zomanga kale.

Kochi anawerenga pepalalo mpaka pansi, n'kuvula magalasi.

"Wayamba liti kuthamanga chonchi?"

"Kuyambira kalekale, akochi. Wolakwa ndine. Ndinabwera ndi mlingo wa amuna."

Ndinkayembekezera kuti andilalatira mpaka alonda amve. Iwo anangoimirira, n'kufufuta dzina lina pabolodi la osewera a Loweruka, n'kulembapo la mlamu. Mtima wanga unakhala pansi, moti ndinayamba kuganiza za mmene ndikamuserewulire tikakumana kunyumba.

"Tabwerani kuno," anatero kochi ali pawindo.

Osewera ena onse anali atapita kukasamba. M'bwalo munatsala mlamu yekha, akuzungulira padzuwa, malaya atamatirira kumsana.

"Akutani?" ndinafunsa.

"Chilango cha ulesi. Kuzungulira kakhumi tsiku lililonse anzake akaweruka. Ndinamupatsa nditawerenga pepala lanu loyamba, miyezi itatu yapitayo."

Kunyumba kwanga mlamuyu amabwera Lamlungu lililonse, koma sanatchulepo n'kamodzi komwe. Kochi anatsegula windo n'kumuitana kuti asiye. Mlamu anangokweza zala ziwiri, kusonyeza kuti kwatsala kawiri, n'kupitiriza kuthamanga.