Nthawi ya Tiyi

Norah Daka analipeza lipotilo patebulo pake Lolemba m'mawa, litasindikizidwa kale, chikuto chake chikunyezimira. Mutu wake unali wakuti kachirombo ka poliyo kapezeka m'madzi a m'ngalande za ku komboni ya Kanyama. Pansi pa mutuwo panali dzina limodzi lokha: Dokotala Edmond Nkole. Norah anatsegula tsamba ndi tsamba mpaka kumapeto. Dzina lake analipeza m'kandime kothokoza, pakati pa Moven dalaivala ndi Virginia wotsuka mabotolo.

Zaka zinayi zathunthu Norah ndiye ankalowa m'ngalande atavala magambutsi, kutunga madzi onyansa, kuwasefa mu labotale ndi kufufuza tizirombo tosaoneka ndi maso. Zinali zaka zoipa. Kwacha inagwa, mankhwala oyezera ankabwera mwa apo ndi apo, magetsi ankazima tsiku lonse. Firiji ikasiya kuzizira, ankanyamula mabotolo ake kupita nawo ku Matero kwa mlamu wake wa butchala amene anali ndi jenereta. Anzake awiri anatopa nathawira ku Botswana. Iye anatsala. A Nkole, mkulu wa labotaleyo, nsapato zawo zinali zisanapondepo matope a Kanyama.

Anagogoda pa ofesi yawo, lipoti lili m'manja.

"Ba Dokota, dzina langa lili kuti apa?"

"Lilimo, Norah. Kumapeto. Simunaone?"

"Naona. Mwaniika pamodzi na motoka."

A Nkole anamwetulira, navula magalasi. "Bazungu bamene bapasa ndalama bafuna dzina lozibika. Imwe mukali bang'ono. Nthawi yanu izafika, osathamanga."

Norah anatuluka mu ofesimo. Anabwerera patebulo pake nayamba kuwerenga bwinobwino, kuti aone m'mene anamubera. Manambala onse anali ake, mapu anali ake. Koma pa tsamba lachisanu ndi chimodzi anaima. Panalembedwa kuti madzi onse anatungidwa nthawi ya teni koloko m'mawa.

Anawerenganso mzerewo, kenaka anatulutsa kabuku kake ka kumunda, kamene a Nkole anabwereka sabata yathunthu mu Disembala. Pambali pa botolo lililonse la ku Kanyama iye anali atalemba mawu atatu: nthawi ya tiyi.

Tsono wosakulira ku Kanyama sangadziwe zimenezi. Pansi pa Kanyama ndi mwala wokhawokha, zimbudzi n'zosazama ndiponso n'zochepa, chimodzi cha mabanja asanu ndi atatu. Kukada, palibe mayi amene amatulutsa mwana kupita kumeneko. Nyumba iliyonse ili ndi chidebe chake kuseri kwa chitseko. M'bandakucha, amuna asanadzuke, amayi amachiphimba ndi kansalu n'kukakhuthula m'ngalande. Chinthucho sachitchula dzina, n'chamanyazi. Amati akukataya tiyi. Zimachitika cha m'ma faivi, ndipo pofika hafu sikisi zatha. Kenaka pamabwera madzi ochapira, sopo, mankhwala oyeretsera zovala, madzi a otsuka magalimoto, dzuwa n'kumalizitsa. Pofika teni, m'ngalandemo mumanunkha basi, koma zimene Norah ankafuna zimakhala zitapita.

Iye mwini anataya chaka chathunthu akutunga masana osapeza kanthu, mpaka mayi Petronella, ogulitsa makala pafupi ndi kamlatho, anamufunsa chimene ankafuna kwenikweni, namuuza kuti azilawira.

Ku labotale nakonso kunali nthawi ya tiyi. Inali teni koloko, pamene a Nkole ankalandira kapu yawo ndi mabanzi awiri.

Norah anatseka lipotilo pang'onopang'ono. Za ana sanade nazo nkhawa: zotsatira anali atazipereka kale ku kiliniki, ndipo madontho a katemera ankaperekedwa khomo ndi khomo. Kukhala chete kwake sikukanapha mwana wa munthu. Choncho anakhala chete. Munthu akakubera nkhuku, sumuthamangira kukamuuza kuti ili ndi chitopa.

Miyezi itatu anagwira ntchito yake mwaulemu. Ankapereka moni, ankasefa madzi, ankamva a Nkole akuyankhula pa wailesi za ntchito yovuta imene iwo anagwira m'makomboni. Tsiku lina anamupempha kuti awasitire jekete lovala pa msonkhano, iye n'kusita, makwinya onse kuchoka.

Mu Meyi kunabwera kalata. Alendo awiri a kunja ankabwera kudzaona ntchitoyo ndi maso awo asanavomere kumanga labotale yatsopano. Ankafuna kutunga okha madzi, pamalo omwewo, m'njira yomweyo imene inalembedwa.

"Konzani magambutsi anayi," anatero a Nkole.

"Tizayenda nthawi bwanji, Ba Dokota?"

"Monga mwamene talembela. Teni."

"Teni," anabwereza Norah, kuti mawa pasadzapezeke wonena kuti sanafunse.

Anafika pa kamlatho dzuwa litakwera. Mlendo wamkulu anali mayi wamtali wa imvi, wosayankhula zambiri, winayo mnyamata wojambula zithunzi. A Nkole anali patsogolo, magambutsi atsopano akulira, akuloza uku ndi uku ngati anabadwira pomwepo. Norah anali kumbuyo ndi bokosi la ayezi.

Mayi Petronella anasiya makala awo nayandikira, manja ali m'chiuno.

"Ba Norah, manje ni chani ichi? Nthawi ino? Tiyi tinamaliza kudala ise."

"Ba Dokota ndiye baziba nthawi, amai. Ine ninyamula chabe bokosi."

A Nkole anamva mawu oti tiyi, natembenuka mwaulemu. "Zikomo amai, musavutike. Tamwa kale ku ofesi."

Mayi Petronella anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumagambutsi, kenaka anayang'ana Norah. Norah anali kuyang'ana bokosi lake.

"Mwamwa kale," anatero mayiwo. "Yanali yabwino?"

"Yabwino maningi," anayankha a Nkole.

Amayi awiri ochapa pampopi anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka. Mayi Petronella anabwerera ku makala awo. Nkhani inayenda yokha. Masiku asanu amene alendowo anatunga madzi, pa kamlatho pankadzaza amayi odzaonerera dokotala womwa tiyi, ndipo palibe mmodzi amene anamuuza kanthu. Ankamudziwa Norah kwa zaka zinayi zonsezi. Koma bamboyo, amayiwo anali asanamuonepo.

Patapita masabata atatu, onse anakhala m'chipinda cha misonkhano. Mayi wa imvi anaika pepala patebulo. Mabotolo khumi ndi asanu, anatero m'Chingerezi, ndipo m'botolo lililonse munalibe kanthu.

A Nkole anati n'chifukwa cha katemera, kuti matenda atha, ndiye chipambano chimenecho.

Mayiyo anapukusa mutu. Anati ana akamwa madontho, kachirombo kofooka ka m'katemeramo kamatuluka ndi chimbudzi kwa masabata angapo, ndipo kamayenera kupezeka m'madzimo. Ngakhale ako sikanapezeke. Madzi amenewa sanadutse m'mimba mwa mwana aliyense. Tsono zotsatira za m'lipoti zinachokera kuti?

A Nkole anatchula chilimwe. Anatchula magetsi. Anapukuta thukuta pakhosi ndi mpango. Kenaka, osayang'ana kumene Norah anakhala, anati mwina wothandiza wawo anasakaniza mabotolo chaka chatha, poti ana a masiku ano ntchito amaigwira mothamanga.

Mawu amenewo ndi amene Norah ankadikira. Akanati asamunamizire, mwina akanawasiyira kachitseko kotulukira. Mwina.

Mayi wa imvi anatembenukira kwa iye. Anamufunsa kuti anatunga madzi a chaka chatha ndani.

"Ine, onse."

Nthawi yanji?

"Faivi koloko m'mawa."

Nanga lipoti likunena teni bwanji?

"Afunseni amene analemba. Ine dzina langa silili pachikuto."

Anatulutsa kabuku kake, nakatsegula, nakakankhira pamaso pa a Nkole.

"Ba Dokota, baŵelengeleni balendo. Apa palembedwa chani?"

"Nthawi ya tiyi," anawerenga a Nkole, mawu ali pansi.

"Ni nthawi bwanji iyo?"

"Aliyense aziba. Ni teni."

"Ku ofesi kwanu."

Kenaka Norah anafotokozera alendowo m'Chingerezi chosapita m'mbali. Ananena za mwala wa pansi pa Kanyama, za zidebe, za kansalu kophimbira, za amayi oyenda mwakachetechete kusanache. Chimene amayi a ku Kanyama satchula, iye anachitchula ndi dzina lake lenileni, kawiri, akuyang'ana a Nkole m'maso. Anamaliza ndi kunena zimene dokotalayo anayankha mayi wa makala pa kamlatho. Mnyamata wa zithunzi anatsokomola natuluka panja. Mayi wa imvi sanaseke. Analemba kanthu papepala lake, nafunsa ngati Norah angawatengere kumeneko mawa, nthawi yoyenera.

Anapita kumeneko masiku atatu, Moven akuyendetsa ali ndi tulo m'maso. A Nkole anatumiza uthenga wakuti magazi awo akwera. Mabotolo asanu ndi anayi anatungidwa amayi akukhuthula zidebe, ndipo asanu ndi awiri mwa iwo anasonyeza kachirombo.

Kalata yachiwiri inafika mu Julayi. Lipoti loyamba lichotsedwe, lilembedwenso ndi amene anagwira ntchitoyo. Labotale yatsopano imangidwa, woyang'anira kafukufuku akhale Norah Daka. Za a Nkole, alendowo anapempha akuluakulu a bungwe kuti afufuze malipoti awo ena onse a m'mbuyomu.

Tsiku lomwelo a Nkole anamupeza akutsuka masefa pa sinki. Anatseka chitseko, naima pamenepo ngati mlendo.

"Norah, mwana wanga. Sembe munaniuza."

"Munabweleka kabuku, Ba Dokota. Kamwa simunabweleke."

"Miyezi itatu munali kuziba."

"Inayi."

Nkhope ya a Nkole inali itagwa, kolala ya shati yosasita.

"Balembeleni bazungu. Mukambe kuti tinalakwitsa tonse, kuti sitinamvane chabe. Mau aŵili. Nili na zaka zitatu kuti nipume pa nchito. Bakayamba kufukula vakale, nizachoka na manyazi. Bana banga bali ku yunivesiti."

Norah anatseka mpopi, napukuta manja chala ndi chala. Anafufuza mumtima mwake ngati munali chisoni, monga ankafufuzira m'mabotolo ake, mosamala ndi mosanama. Sanapezemo kanthu.

"Vamene munalemba kale, ngati ni vanu, vizaimilila veka. Muopa chani?"



"Sinizalemba," anatero Norah. "Bakanifunsa, nizakamba vamene niziba. Bakafunsa Virginia, nayenso azakamba. Na baja baŵili bali ku Botswana, keyala yao nili nayo."

Anatenga thireyi ya masefa ndi manja awiri, naima patsogolo pawo mpaka a Nkole anazindikira kuti atsekereza njira. Anapatuka, namutsegulira chitseko.