Udzu wa Kuseri kwa Bafa

Udzu wokongoletsa uja anadzala amuna anga kuseri kwa bafa, pamthunzi, poti umakonda chinyontho. Chimwalirireni iwo, sindinauthirirepo ngakhale dontho. Ndinkafuna uume, undichoke m'maso. Koma dothi lake linkangokhala chinyowere.

"Alamu, paipi yaphulika pansipa," anatero mng'ono wawo, yemwe ndi pulambala. Anakumba dzenje lolekeza m'chiuno, paipi osaipeza. Anakwirira dzenjelo n'kumapita, tiyi osamwa.

Kenako mphukira zinayamba kumera, ina kumanja, ina kumanzere, motalikirana ngati mapazi a munthu wolunjika pakhomo. Zakumanzere zonse n'zopendekeka. Malemuwo ankatsimphina mwendo womwewo.

Ndazula, ndatopa. Lero posesa kuchipinda ndapeza ina mumng'alu wa simenti, mbali imene ankagona. Pansi ponyowa.