Khoma la Munda wa Kumtunda

Kwathu ku Barroca Fria kulibe malo athyathyathya. Mudzi unangokakamira paphiri, ndipo munda uliwonse uli ndi khoma lamiyala logwira dothi kuti lisatsetserekere kumtsinje. Tatsalamo okalamba okhaokha. Wamng'ono pa tonse ndine, Gracinda, koma imvi zili mbuu.

Chaka chatha mvula ya mu Febuluwale inagwa osapumira. M'mawa wina tikumwa khofi tinamva chiphokoso kuseri kwa nyumba. Amuna anga, a Abílio, anatuluka osavala n'chipewa chomwe. Khoma la munda wathu wa kumtunda linali litagumuka. Dothi, kabichi, ngakhale mtengo wa azitona umene anabzala apongozi anga, zonse zinali m'munda wa a Amândio, oyandikana nafe.

A Amândio anafika ndi ndodo yawo. "Iwe Abílio, moyo wonse wandimana kabichi, lero wandibweretsera ndi munda womwe?"

Amuna anga sanaseke. "Gwira uko, tikweze mwala uwu."

Anagwira awiriwo, ine ndikutsamiza ndi chitsulo. Mwala unangogwedezeka pang'ono, n'kukhala pomwepo. A Amândio anakhala pansi m'matope, akupuma movutika.

"Bambo anga ankaunyamula okha," anatero a Abílio.

"Bambo ako analibe nyamakazi, mbale wanga."

Tinaimbira foni mwana wathu Telmo ku Falansa. Anati, "Bambo, musadzipweteke. Ndidzakonza ndikabwera mu Ogasiti." Munthu wa thirakitala wa kutauni anabwera, n'kuyang'ana kanjira kopita kumundako, n'kupukusa mutu. Kanjirako anakalambulira bulu, ndipo bulu womaliza m'mudzi muno anafa kalekale.

A Abílio anayamba kututa dothi ndi ndowa, kulikweza kumtunda. Mvula ikagwa, lonse linkabwerera.

"Inu, siyani, mundifera m'njira," ndinawachonderera.

"Ndikasiya, ndiye nditani?"

Ndinatenga ndowa ina n'kuwatsatira.

Telmo anabweradi mu Ogasiti. Anasuntha miyala ingapo, manja n'kutuluka matuza, kenaka tchuthi chinatha. Potsanzika anati tipite naye ku Falansa. Bambo ake anangoyang'ana kumbali.

Panopa pamundapo pamera minga. Khoma la munda wotsatira nalonso latupa pakati, ndipo aliyense akuliona. Kabichi tikubzala m'zitini pakhomo. A Abílio amathirira okha, ndipo akafuna kupita kutchalitchi amazungulira njira ya kumunsi, ngakhale ndi yaitali, kuti asauone munda uja.