Malo a Bedi la Apongozi

Lorna sanaikonde nyumbayo chifukwa cha njerwa zake zakale kapena mazenera ataliatali aja, ayi. Anaikonda chifukwa inalibe zipinda. Kale munkasungidwa zikopa za ng'ombe, m'mbali mwa mtsinje kudera la Third Ward, mumzinda wa Milwaukee, koma tsopano anthu anali kulimbirana kugonamo. Chimalo chimodzi chokha, chachikulu ngati tchalitchi, nsanamira zachitsulo pakati, khitchini pakona. Chitseko cham'kati chinali cha kubafa basi. Inali nyumba ya anthu awiri, osati atatu.

Wachitatuyo anali mayi Bernadine, apongozi ake, amake a mwamuna wake Kaz. Chibwerereni kudzakhala nawo atathyoka m'chiuno, Lorna mtendere anauiwala. Supu wake ankati ndi madzi otsukira mbale. Malaya a Kaz akawasita, iwo ankawasitanso. Akakhala pafoni, ankamva ndodo yawo ikugogoda mpaka pakhomo, kenako zii, akumvetsera. Kunyumba imene ankakhala, chomupulumutsa chinali chitseko cha kuchipinda kwake: ankachimenyetsa, n'kukhoma, n'kupuma. Akangotchula za kunyumba yosamalirako okalamba, Kaz ankasanduka gonthi. Ndiye Lorna anati chabwino, pakamwa palephera, nyumba indiyankhulira.

Anaimbira foni Dwight, wogulitsa nyumba, n'kumuuza chimene ankafuna popanda kupsatira. Tsiku lokaona nyumbayo Dwight anagwira ntchito yake bwino. Anafotokoza kuti nyumbayo ndi ya mbiri yakale, malamulo ake salola kumanga khoma m'kati, ngakhale kukhoma msomali panjerwa. Lorna anamupempha kuti abwereze, ati sanamve bwino. Kaz anangoyang'ana kudenga, nati agule.

Kuvomera msanga kumeneku kukanamudabwitsa, koma munthu akasangalala nzeru zimapita kokayenda. Nyumba yawo yakale anagulitsa. Lorna mpaka anayamba kuwaphikira apongozi ake kabichi wofutira nyama amene ankamukonda, poti munthu wapaulendo sumumana chakudya.

Atalandira makiyi anapita onse atatu. Mayi Bernadine anavala jasi lawo lakutchalitchi. M'chikepe chakale chonyamulira katundu anadandaula kuti mukununkha chikopa chowola, ndipo atalowa anati mazenerawo ngofunika makatani, kupanda apo mzinda wonse uzikuonera ukuvala. Lorna ankangomwetulira. Nyozani amayi, nyozani, simudzagonamo.

Kaz anavula chipewa, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka pansanamira yoyandikana ndi bafa. Anatambasula manja ngati woyeza nsalu.

"Bedi la amayi likhala apa. Kubafa n'kufupi."

Lorna anaseka, koma anaseka yekha.

"Kaz, usandiyese chitsiru. Muno mulibe chipinda chawo."

"Mulibenso chako."

Mawu ake anali ozizira. Kaz anapitiriza, osakweza mawu. Anati foni ija ya Dwight amayi anaimva yonse ali pakhomo, ndipo anamufotokozera tsiku lomwelo akulira. Anati akanakhala kuti Lorna anabwera poyera n'kukangana naye ngati mkazi wake, mwina akanamvana. Koma kumutchera msampha ngati mbewa? Nyumba waifuna yekha, malamulo wawamva kawiri, ndiye akhalamo onse, maso ndi maso.

Ukali unamukwera Lorna mpaka m'makutu. Anamutcha mwana wa amayi wosaleka kuyamwa. Anamufunsa kuti zaka zonsezi amene ankawasambitsa, kuwanyamula, kuwapirira chipongwe anali ndani, iyeyo? Mawu ake anagunda njerwa n'kubwerera, ndipo kunalibe powabisa. Mayi Bernadine anali chiimire ndi ndodo yawo, akumva liwu lililonse popanda kuvutika kutchera khutu.

"Usakuwe, mwana wanga," anatero. "Muno munthu amamva ngakhale kupuma kwa mnzake."

Lorna anadana nawo, anadana ndi Kaz, koma koposa anadzida yekha. Dzanja lake linafuna chitseko choti amenyetse, monga linazolowera. Anatembenuka uku ndi uku: njerwa, magalasi, nsanamira. Anayamba kulunjika kubafa.

Koma apongozi ake anali pafupi. Anagogoda ndodo yawo, go, go, n'kulowa iwo, n'kutseka bwinobwino. Lorna anaima pakati pa nyumba yake yatsopano, akumva loko akukhomedwa.