Siyeni Wakwana Zaka Zotuluka M'ndende

1.
Siyeni anabadwira m'ndende. Mayi ake, Nachisale, akadali ndi zaka zambiri zoti aseweze, koma mwanayo wakula, ndipo lamulo likuti atuluke. Wodzamutenga ndi Elufe Kamtedza wa ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, mayi woti ngakhale mutamudzidzimutsa kutulo angakuyankheni mawu omwewa: tikumufunira zabwino mwanayu.

2.
M'jumbo:
madiresi awiri,
kapu yothyoka chogwirira,
chidole cha nsanza chimene anamusokera akaidi.

3.
Siyeni! anakuwa Nachisale chitseko chikutsekedwa.
Elufe sanacheuke. Sanafune kudziwa ngati mayiyo akuitana mwana wake kapena akuletsa iyeyo.

4.
Kwa amalume ake a mwanayo.
Mayi, mwayenda ulendo wautali, koma mlongo wangayo anapha mwamuna wake, mudzi wonse umatiloza chala. Ameneyu ndimuika pati?
Bambo, tikumufunira zabwino mwanayu.
Ifenso, mayi. N'chifukwa chake ndikuti mupite naye.

5.
Kwawo kwa malemu bambo ake, azakhali sanayale n'komwe mphasa.
Nkhopeyo ndi ya achimwene, sindikana, anatero. Koma magazi a amene anawapha alimonso.
Amayi, tikumufunira…
Yendani bwino.

6.
Kosungira ana amasiye anati mayi ake ali moyo ndiye si wamasiye, kwina anati malo adzaza mukayese mwezi wamawa, abwana a Elufe pafoni anati mafuta a njinga yamoto ndi omwewo muone chochita, ndipo Siyeni anali phee, osalira, osapempha madzi, kungoti akaona yunifolomu, ngakhale ya mlonda wa pagolosale, ankanyonyomala msangamsanga kudikira kuwerengedwa monga achitira akaidi, ndipo Elufe, amene anaphunzitsidwa kuteteza ana, kufufuza abale awo, kuyanjanitsa mabanja, anazindikira kuti palibe anamuuza kopita naye mwana amene aliyense akumumvera chisoni koma palibe akumufuna

7.
Zabwino.
Iwe Elufe, anadzifunsa, zabwinozo uzipeza pakhomo pa yani?
Anachita manyazi. Anatopa. Anatembenuza njinga.

8.
Masana, pachipata cha ndende.
Abwana, anapempha Elufe, agoneko kaye kwa mayi ake pamene ndikufufuzabe malo.
Pepani mayi, anatero msilikali wa ndende, maso ali pansi. Zaka zake zinakwana. Muno salowanso.

9.
Zonsezi Siyeni sanazimve. Anali atatsika kale, jumbo m'manja, akuseka koyamba chitulukireni.
Anti, mwachita bwino! Tafika kwathu!
Anathamangira chitseko chachitsulo, nayamba kuchimenya ndi tizibakera take.
Odi! Odi kuno! Tsegulani, ndabwerako!